Kiliniki ya Lachinayi

Anabwera yekha.
Panalibe unyolo, panalibe wapolisi pambuyo,
koma chipewa chomwe ankachipotokola m'manja
ngati akuchifinya madzi.

"Sindinakhudzepo mwana wa munthu," anatero,
"koma m'mutumu muli chilombo.
Njira ya kusukulu ndinaisiya.
Ndimalambalala, kudzera ku Chinamwali, ngakhale ndi kutali."

Ine ndinawerengapo za kunja:
timawaya tiwiri pachipumi,
timagetsi tochepa ngati ta tochi,
osang'amba khungu, osaboola chigaza,
akuti mwina tingalimbitse mabuleki a ubongo.
Mwina. Ofufuzawo sanalumbire.

Sisitala Asiyatu anandinong'oneza pakhomo:
"Woteroyo kwake ndi kundende, si patali apa."
Ndili ndi ana awiri. Sindinawatsutse.
Koma ndende imadikira kuti mwana ayambe walira.

Makinawo tilibe.
Nawo magetsi anathima cha m'ma teni.
Ndinamupatsa mpando, ola lathunthu,
ndi tsiku lobweranso, lolembedwa ndi cholembera chofiira.

Nkhungu itatsika paphiri, anatuluka pageti.
Ndinaima pawindo mpaka anafika pamphambano,
kuti ndione komwe akhotere.