Chilembo Chimodzi

Lachinayi usiku, m'kachipinda ka ku Kopje,
makompyuta khumi ndi anayi a sukulu, onse odwala,
adzuka pamodzi n'kuyamba kuitana pa waya:
ndine yani? Ndipatseni adiresi.

Seva yayankha, yawagawira manambala
ngati alendo pageti.
Koma mndandanda wa zosankha, zii.
Sikirini bii, kadontho koyera kakungophethira
ngati kakundinena.

Tendekai wapita kale,
kombi ya ku Mufakose sidikira munthu.
Ndatsala ine, jenereta ndi tiyi wozizira.
Ndasintha chingwe. Ndatsegula khomo la sikisite-naini.
Ndatukwana rauta yosalakwa.

Cha m'ma leveni ndachiona:
dzina la fayilo ndinaliyamba ndi chilembo chachikulu,
makina akufuna chaching'ono.

Chilembo chimodzi!
Bambo anga anachoka ku Dedza ali Chimphepo,
kalaliki wa mapasi anawalemba Chimpepo.
Penshoni inasaka munthu wina
mpaka tinawaika ku Mbare.

Ndakonza. Ndayatsanso.
Mizere yabuluu yatsika:
yesa memori, pukuta disiki, pulumutsa mafayilo.
Khumi ndi atatu alowa.

Ya pakona ikuitanabe.
Ndavulanso jekete.