Masekondi Anayi pa Kalilole

Sutikesi yabulauni inatsika pamwamba pa wadilobu
Loweruka lomwe madzi anauma m'mipopi ya ku Kabwata.
Fumbi linandiyetsemulitsa katatu.
M'katimo makaseti khumi ndi awiri, mazira a mphemvu,
ndi zithunzi zomatirirana ngati ana ogona mphasa imodzi:
ukazimatula, nkhope ya uyu imatsalira pamsana pa mnzake.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Kamwala,
kwa Gelevazio, mnyamata wa m'kakontena,
amene anauzira kaseti, n'kuigwedeza pakhutu
ngati munthu wokayikira dzira.
"Atatuwa nkhungu inadya kale, asisi. Otsalawa tiyesa."
Lachinayi anandipatsa kafulashi kochepa ngati chikhadabo.
Zaka makumi awiri za banja lathu
ndinazimanga pansonga ya chitenje,
pomwe pamakhala ndalama ya mafuta ophikira.

Usiku, pakompyuta ya kuntchito, ndikumanga tinyumba,
foda iliyonse ndi dzina lake pachitseko:
Ubatizo wa Malizani.
Khirisimasi ya ku Matero, chaka chomwe mbuzi inathawa.
Ukwati wa azakhali Vesitina,
womwe umadukira pakati pa keke
mpira n'kulowerera ndi phokoso lake.
Wina anajambulirapo, ndipo mpaka lero palibe wavomera.

Amayi akhala pambali panga ndi magalasi othyoka mwendo,
chala chawo chikuyenda pankhope za anthu:
"Uyu ndi Tikambenji, anapita ku Kitwe, sanalembenso.
Awa anabwereka nsimbi yathu, sanabweze.
Uyu..." Akhala chete. "Pitirira."
Amene tonse sitikuwadziwa ndawamangira yawoyawo,
ndailemba kuti Alendo.
Yadzaza kuposa zinzake zonse.

Koma bambo mulibe.
Ndiwo ankagwira kamera, yobwereka kwa mnzawo wa kunjanji.
Alipo mawu okha: "Sunthirani uku!
Mwetulirani, kodi tili pamaliro?"
Ulipo mthunzi wawo wautali pakapinga wa ku Munda Wanga,
nsonga ya chala pakona ya chithunzi,
wefuwefu wawo pokwera masitepe a nyumba yathu,
ndi kachifuwa kaja
komwe nthawi imeneyo palibe anakamva.

Lamulungu tinabaya kafulashi kumbuyo kwa kanema.
Malizani anabwera ndi ana ake,
anaseka tsitsi la atate awo mpaka kugubuduka pansi.
Kenaka kaseti yachisanu ndi chiwiri:
ine, wazaka zinayi, kuchipinda,
ndikukwakwaza nsapato zazitali za amayi.
Kamera ikunditsata, ikutembenuka,
ndipo pakalilole wa wadilobu yomweyi
patulukira munthu wa vesiti yoyera,
diso limodzi lotsinzina, linalo kuseri kwa kamera,
akuseka mano onse pamtunda.

Masekondi anayi.

"Imitsa," akutero amayi.
Ndabweza. "Pomwepo."
Aimirira, ayandikira mpaka mpweya wawo wachita nthunzi pagalasi.
"Vesiti iyi ndinkawauza tsiku ndi tsiku kuti aitaye."
Palibe wayankha.
Kamdzukulu kafunsa kuti ameneyo ndani,
ndipo magetsi athima panthawi yake, eyiti koloko.
Takhala mumdima, rimoti ikadali yofunda m'manja mwanga,
jenereta ya aneba ikutsokomola kuseri kwa khoma.

Mawa ndidzadula masekondi anayiwo
ndi kuwasunga patatu:
pafulashi, pafoni, ndi kwa Malizani ku Chilenje,
poti nkhungu sigogoda ikamalowa.
Foda yake ndatsegula kale.
Chandikanika ndi dzina.
Ndalemba Bambo, ndafufuta.
Ndalemba Wojambula, ndafufuta.
Amayi kuchipinda atsegula wadilobu, atseka,
atsegulanso,
ndipo kuno kamzere kakungophethira
pachitseko chopanda dzina.