Mafuta Asamuka

Ype wandiimbira foni cha m'ma thuu koloko usiku.
Madzi aundana m'ngalande za kuno ku Friesland,
galimoto nayo yalira monyinyirika.
Ndalowa m'khola magolovesi ndili nawo kukamwa,
ndapeza Aukje wa nambala 47 atagona chammbali,
mchira uli m'mwamba, maso ali kukhoma.

Masabata asanu ndi atatu Ype sanamukame.
Bere linali ngati sitolo yotseka,
ndipo zotsala pa zimene ankadya
zinkakasungidwa kumsana,
patsinde pa mchira, pakati pa nthiti.
Homoni yosunga mimba inkalondera pakhomo
n'kumati: musayambe, nthawi sinakwane.

Mlondayo wachoka osatsanzika.
Ndinaziona m'magazi omwe ndinatenga Lachiwiri,
nambala yake ikutsika ngati madzi m'ndowa yobooka.
Pamalo pake pakwera pulolakitini
yochokera m'kanyama ka kunsi kwa ubongo,
yakwera pamodzi ndi anzake,
ndipo uthenga wafika kwa maenzaimu,
tiantchito tija tosaoneka ndi maso.

Tina timaima m'mphepete mwa mitsempha
n'kumatsitsa mafuta magazi akamadutsa.
Takumsana tauzidwa kuti tiweruke.
Takubere tachuluka, tagwira ntchito usiku wonse.
Tinanso tili mkati mwenimweni,
tikutunga tizidutswa tochokera m'chifu
tiwiritiwiri ngati mikanda,
mpaka udzu womwe Ype anamweta mu Juni
usanduke batala.

Palibe amene wafunsa Aukje.
Thupi lagamula lokha: thole choyamba, mayi pambuyo.
Masabata akubwerawa adya pang'ono, apereka zambiri,
mafupa a m'chiuno atuluka ngati zokolekapo majasi,
ndipo chiwindi chikalemedwa ndi mafuta osamukawo
mpweya wake udzanunkhira ngati mankhwala
ochotsera utoto wa m'zikhadabo.
Fungo limenelo Ype amalidziwa kuposa makina anga.
Akuti bambo ake ankanunkhiza ng'ombe iliyonse m'mawa
asanapereke moni kwa munthu.

Ziboda ziwiri zaonekera, kenaka mphuno.
Tikukoka pokhapokha mwini wake akakankha.
Thole lagwera pa udzu, likufuka nthunzi,
Ype walitokosa m'mphuno ndi kaphesi
mpaka layetsemula.
Ndakamira chithuwi m'kabotolo,
chachikasu, chokhuthala, chomata zala,
ndalembapo dzina, tsiku ndi nthawi.
Mawa a kulabotale ku Leeuwarden
andibwezera zonsezi zili manambala.

Kenaka tholelo lalira.

Kamodzi kokha, ndi mawu osasa,
ndipo kunsi kwa ovolosi, kunsi kwa majuzi awiri,
ndamva kunyerenyetsa kuja ndakuzolowera,
malaya anyowa mbali zonse ziwiri.
Mwana wanga Wytske ali ndi miyezi itatu.
Ali mtulo pachifuwa pa bambo ake
kutsidya kwa milatho isanu ndi umodzi,
koma thupi langa silinafunse kuti walira ndani.
Zaka zonse ndaphunzira mayina a mahomoniwa,
ndawalemba pamayeso, ndawajambula ndi mivi,
lero andituma ngati mwana
pakati pa ndowe ndi udzu wonyowa.

Ype waona. Wayang'ana kudenga,
wayamba kudandaula za mtengo wa dizilo.
Ndapinda manja pachifuwa n'kumuvomereza
kuti wakweradi, wakwera zedi.

Ndamuuza kuti ampatse madzi ofunda,
ndipo akasiya kudya andiitane msanga.
Aukje wadzuka, miyendo ikunjenjemera,
akunyambita mwana wake mwamphamvu
moti kangapo wamugwetsa.
Panja kukadali mdima.
Ndisanakwere galimoto ndakoka lamba wa thalauzi
kufika pa bowo latsopano lija
ndinaboola ndekha ndi msomali sabata yatha.