A Eulogio Abwerera pa Benchi

Zaka makumi atatu choko chikuwayeretsa zala,
lero ku Valparaíso akhala pa benchi ngati mwana.
Wowaphunzitsa ndi Maite,
yemwe anamulepheretsa mayeso chaka china.
"Yang'anani kadiso ka kamera, osati nkhope yanu.
Mukafunsa funso, musadziyankhe.
Werengani mpaka khumi."

Madzulo ayesa okha.
Timabokosi takuda makumi awiri, mayina okhaokha,
kwinakwake galu akuuwa.
Afunsa za miyala ya m'mapiri a Andes.
Zii.

Chimodzi, ziwiri,
thukuta kamukamu m'manja,
zisanu ndi zitatu,

kabokosi kamodzi kayaka:
mtsikana wa ku Chiloé, khanda lili pamwendo.
"Aphunzitsi, pepani,
milomo tikuiona,
koma maiki simunatsegule."

Aseka mpaka misozi.
Mawa akamuuza Maite.