Kuseri kwa Galasi

Lamulungu lililonse, dzuwa likamagwera kuseri kwa mapiri a Chipata,
amafika akukankha njinga,
bokosi la malekodi atalimanga ndi mphira pakaliyala,
kumutu chipewa chotambalala cha pasalaula ku Kapata
chimene anagula ine ndisanabadwe.
A Fakisoni Shawa.
Ine ndimakhala kuseri kwa galasi, zala pamabatani,
ntchito yanga kuwayatsira getsi lofiira.

Likangoyaka, chifuwa chimawaleka.
Munthu amene panja amatsokomola ngati injini ya chigayo
mawu ake amasalala:
"Odi kunyumbako, a ku Chadiza, a ku Katete, a pamalire pa Mwami,
tsekani khola, senderani pafupi,
kantire yafika."

Anandiuza tsiku lina magetsi atathima,
tikudikira jenereta kuti ivomere,
kuti ankaweta ng'ombe ku Chiparamba
pamene atsibweni awo anabwerako kumigodi
ndi nsapato, chifuwa, ndi mbale imodzi yakuda.
Singano itatera, mzungu wina analira ndi mphuno,
gitala ikutsetsereka pambuyo pake.
Chizungu sanachimve n'pang'ono pomwe.
"Koma ndinadziwa, mwanawe,
kuti munthu uyu ng'ombe yake yafa."

Zaka makumi anayi akumasulirabe mwa iwo okha.
"Uyu akuti mkazi wake wakwera basi ya m'mamawa,
wamusiyira galu ndi ngongole ya feteleza."
Ndinakafufuza mawuwo pafoni.
Basi ilimo, galu alimo.
Feteleza ndi wawo.

Anyamata a pasiteshoni amawatcha Kaubo'i wopanda hachi.
Iwo sayankha. Amapukuta lekodi ndi mpango wa mayi Esineya,
amene anagona kumanda a ku Mchini chaka cha njala ya chimanga chachikasu,
ndipo nyimbo yachitatu kuchokera kumapeto
sailengeza, sanena kuti ikupita kwa yani.
Amangovula chipewa.

Bwana watsopano atabwera kuchokera ku Lusaka
anati maola awiri ndi ndalama,
nyimbo za nkhalamba sizigulitsa mayunitsi.
Anawachotsa.
Sabata imeneyo pageti panadzaza njinga zakabaza,
mlonda wa kujinala ya thonje anabwera asanagone,
dalaivala wa thiraki anaimba ali pamlatho wa Luangwa
kufunsa kuti tsopano ayende ndi yani mpaka Kacholola,
ndipo mayi wina wa ku Vubwi anasiya nkhuku paofesi,
yomanga miyendo, yopanda kalata.
Anawabwezera ola limodzi.
Linalo linapita kwa ogulitsa mankhwala a nyonga.

Tsopano makutu akuwathawa.
Amaika chikhatho patebulo kuti amve kugunda,
maso ali pa ine,
ndipo nyimbo ikamatha ndimakweza dzanja
kuti adziwe nthawi yolankhula.
Ndi chinsinsi chathu. Bwana sadziwa.

Ine ndinabwera pantchito ino ndi nyimbo zanga m'makutu,
zogunda, zothamanga, zovina mpaka thukuta.
Ola lawo ndinkaliwerenga ngati mzere wa kuchipatala.

Koma Lamulungu lapitali
anaika ina yokandika, yothetheka ngati moto wa zitsononkho,
ya munthu wobwerera kwawo n'kupeza njira yamera udzu.
Ndinaona nyumba ya abambo anga ku Sinda,
chitseko chomanga ndi waya,
ngolo itagona chammbali pansi pa mango.
Nyimbo inatha.
Dzanja langa linali likadali pachibwano.

Chigawo chonse cha Kum'mawa chinamva chete,
singano ikukwekwereza pakati pa mbale,
kamodzi, kawiri, kasanu.
Anandiyang'ana kupyola galasi,
anakankhira chipewa kumbuyo ndi chala,
nasendera kumaikolofoni.
"Pepani akumudzi," anatero,
"muno muli wina amene ng'ombe yake yafa."