Beseni Lobiriwira

Nditakwana zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu
thupi langa linayamba kundizemba ngati wangongole.
Ku Magaba, kumene ndimawotcherera mageti,
nyundo inkandilemera dzuwa lisanafike paliwombo.
Usiku Tsungai akandikhudza phewa
ndinkanamizira mkonono.

Fanuel, wonyamula zitsulo kuseri kwa mafulati a Matapi,
anandifumbatitsa kabotolo kochepa ngati chala.
"Tesitositeroni, mdala. Jakisoni mmodzi, sabata ziwiri."
Madola makumi awiri, popanda lisiti,
popanda kundifunsa ngati kwathu kuli ana.

Ndisaname, mankhwalawo anagwira.
Malaya anathina m'mapewa.
Ndinkakwera kombi ya ku Mabvuku ndikuimba likhweru,
Tsungai n'kuseka mumdima: kodi wadya chiyani iwe?
Tinagula mpaka beseni pa Mbare Musika,
lapulasitiki, lobiriwira,
loti lidikire mwini wake wosambiramo.

Linadikira dzinja, linadikiranso lina.
Tinayamba kusungiramo anyezi.

Azakhali anga a ku Tafara,
omwe Chichewa chimawabwerera akapsa mtima,
anayang'ana mimba ya mkazi wanga ngati munda wa mlesi.
Anamukokera kwa ovala zoyera opemphera pathanthwe,
anamumwetsa madzi odalitsidwa a m'botolo la Mazoe,
anamutcha chumba pamaliro, anthu akumva.
Ine ndinali phee, chifuwa chili patsogolo.
Ndani akanakayikira tambala wolira chotero?

Mu Okutobala, jakaranda atagwetsa maluwa misewu yonse ya ku Avenues,
dokotala wamkazi wa magalasi osweka mwendo
anati, mayi tawayeza kokwanira, bambo bwerani.
Anandipatsa kakapu ndi chipinda chopanda zenera.
Lachinayi pepala linabwera.
Pamalo polemba chiwerengero cha mbewu
panali ziro mmodzi, wozungulira bwino,
ngati bowo limene ndimaboola pachitsulo.

Ndinati, adokotala, ine sindinagwe mumpapaya,
funsani mayiwa.
Anati, ndikudziwa. Mumabaya chiyani?
Kenako anajambula kuseri kwa envelopu:
magetsi a ZESA akabwera, jenereta mumatani?
Timazimitsa, ndinatero.
Thupi nalonso, anatero. Likaona mphamvu ikulowa yochokera kunja
limauza machende kuti pumulani,
ndipo mbewu zimapangidwa ndi jenereta yomweyo.

Kodi idzalizanso?
Kwa ambiri imaliza. Miyezi isanu ndi umodzi, chaka, ena kupitirira.
Pali mankhwala oithandizira. Koma sindilumbira.

Sindinakwere kombi tsiku limenelo.
Ndinatsika wapansi ndi msewu wa Samora Machel,
envelopu ikunyowa thukuta m'thumba la ovolosi,
mpaka miyendo inandikana pa Msasa.

Tsungai ndinamupeza akusita.
Anawerenga pepalalo kawiri, simbi ili chiimire,
ndipo sanalire, bola akanalira.
Anati, madzi a m'botolo aja anali amchere, ukudziwa?
Anati, mawa upite ku Tafara wekha,
ukanene ndi pakamwa pomwepo pamene panali chete.

Ndinapita.
Azakhali anayang'ana mapewa anga, anayang'ana pansi,
anandifunsa ngati ndimwe tiyi.
Kupepesa kwawo kunafika patapita sabata:
nkhuku yamoyo m'chikwama cha Shangani, popanda mawu.

Tsopano ndi mwezi wachitatu wopanda singano.
Nyundo yayambanso kulemera.
Ndimakwiya ndi ntchentche, ndimalira ndi nyimbo za pawailesi,
malaya abwerera m'malo mwake.
Fanuel akandiona amakweza kabotolo m'mwamba,
ine ndimatsitsa chigoba chowotcherera kumaso.

Tsungai amagona choyang'ana kukhoma,
koma usiku wina phazi lake lozizira linafuna langa.
Kakapu kena kakundidikira mu Febuluwale.

Dzulo magetsi atapita
ndinasuzumira pansi pa kabati kufuna kandulo.
M'beseni muja anyezi atatu aphukira okha mumdima,
timasamba totumbuluka, topindika,
tofuna kumene kuli zenera.
Sindinamuuze.
Sindinawataye.