Foni Zili Pamoto

Ndimatsegula kanyumba kanga m'bandakucha,
kuno ku Nabvutika, kuseri kwa chigayo,
ndipo foni zimafika ndi njala
eni ake asanalawe kanthu.
Makwacha awiri, ndikuikira pamoto.

Iyi yomanga ndi mphira ndi ya Yotamu wa njinga.
Dzana anajambula dzenje la pamsewu wopita ku Kapata,
lija linamuthyolera masipoko anayi,
pofika madzulo tauni yonse inali kulitukwana.
Dzenje likadalipo. Koma tsopano lili ndi dzina.

Iyi yong'aluka nkhope ndi ya Zelipa.
Zelipa samva.
Zaka makumi awiri anthu ankamukuwira
ngati ali kutsidya kwa mtsinje.
Lero zala zake zimalongolola pagalasi,
mnzake wina ali ku Katete, wina ku Mchinji,
akayamba kuseka benchi langa limagwedera.

Za Tikambenji sindinena zambiri.
Khungu lake loyera linamutsekera m'nyumba nthawi yaitali.
Anaika chithunzi chimodzi, atavala chipewa chake chachikulu,
ena n'kulavula zonyansa pansi pake.
Anakadandaula kwa eni bwalo.
Yankho linabwera m'Chizungu: sitinapeze cholakwa.
Anaikanso china. Chipewa chomwecho.

Inu eni bwalo, kaya mumagona kuti,
kaya kwanuko limafika fumbi la Okutobala,
tamverani kuno:
msika si malata ndi mizati,
msika ndi mayi uja watula dengu la tomato kusanache.
Munamanga, inde, sitikukana.
Koma nkhani amabwera nazo ndani?
Maliro a ku Mchini amalengeza ndani,
mbuzi yosochera, mwana wopezeka,
mtengo wa soya ku Mwami?
Bando timagula ndi ndalama ya ndiwo,
koma chilankhulo chathu makina anu amatsamwa nacho,
mwambi wathu amauyesa chipongwe,
chipongwe amachiyesa moni.
Tikangoti zii tsiku limodzi, tonse a foni za mphirafe,
mudzamva mphepo ikusewera ndi mapepala pabwalo panupo.

Magetsi athima. Ndalumikiza batire la galimoto.
Kamnyamata ka Yotamu kafika wefuwefu
kudzafunsa ngati ya atate ake yakhuta.
Yangofika theka, ndatero.
Kaitsomphola choncho, kali pa liwiro:
akuti pasiteji wina wagundidwa,
alibe chiphaso m'thumba,
ndipo nkhope yake pafunika aione anthu
dzuwa lisanalowe kuseri kwa Kanjala.